Ndisunge ndalama zokayezetsa ziwengo pakhungu?

Funso: Adokotala, ndine mayi wa ana atatu. Ndimakhala kufupi ndi Chitakale ku Mulanje ndipo ndimathyola tiyi pa esiteti ina. Mwana wanga wachiwiri, mtsikana wa zaka 8, akadzuka m'mawa amayetsemula kambirimbiri, mamina ali chuchuchu, maso akuyabwa. Usiku amakhosomola ndipo nthawi zina pachifuwa pamalira, makamaka kukachita chiperoni. Agogo ake anatiletsa kumupatsa mazira, usipa ndi ndiwo zotendera, koma palibe chasintha. Inenso m'manja mwanga mumayabwa ndi kung'ambika. Achimwene anga amene ali ku Joni akuti kumeneko amangobaya pamkono n'kudziwa zonse zimene munthu amadana nazo. Kodi ndisunge ndalama kuti tikayezetse tonse awiri?

Yankho: Pepani mayi ndi matendawo, ndipo zikomo kuti mwafotokoza bwino chonchi. Achimwene anuwo sananame, kuyezako kulipodi. Mawu amene ndikukana ndi akuti "zonse". Khungu limangoyankha funso limene mwalifunsa, ndipo funsolo limachokera m'nkhani ya wodwalayo, ngati imene mwandilemberayi.

Ndiyambe ndi chimene sichingadikire. Ngati mwana wanuyo ankadya mazira, usipa ndi nsinjiro kuyambira ali wamng'ono osatupa milomo, osatuluka zidzolo, osasanza, mubwezereni zakudyazo sabata ino. Chakudya chimene thupi limadana nacho sichibisala. Chimaonekera pakangopita mphindi zochepa, kawirikawiri pasanathe maola 2, ndipo chimatero nthawi iliyonse munthu akachidya. Kuyetsemula kwa m'mawa uliwonse ndi chifuwa cha usiku si khalidwe la dzira. Inu nomwe mwaona kuti mwamuletsa koma palibe chasintha, ndiye kuyeza kumeneko mwachita kale kunyumba ndipo yankho latuluka. Agogo ake anachita izi chifukwa chomukonda, choncho akambireni mwaulemu, koma mwana wa zaka 8 wa kumudzi akachotseredwa dzira, usipa ndi mtedza watsala ndi nsima ndi masamba basi. Zimandiwawa ndikaona mwana amene anabwera ndi chimfine akubweranso ataonda chifukwa cha zoletsaletsa. Palinso china. Mu 2015 madokotala a ku London motsogozedwa ndi Gideon Lack anatulutsa zotsatira za kafukufuku wa makanda 640, ndipo anapeza kuti amene anayamba kudya mtedza msanga anali ochepa kwambiri kudana nawo poyerekeza ndi amene anauletsedwa. Thupi limazolowera chimene likukumana nacho m'mimba kawirikawiri, ndipo kuchichotsa popanda chifukwa kungabweretse vuto limene kunalibe.

Tsopano za kuyezako. Mwa asilikali a m'thupi muli gulu lina lotchedwa IgE. Ntchito yake yeniyeni ndi kulimbana ndi zinthu ngati njoka za m'mimba, koma mwa anthu ena limalakwitsa n'kuyamba kuona fumbi, mungu wa maluwa kapena ubweya wa mphaka ngati mdani. IgE imakhala itamatirira pa timaselo tina timene tili pansi pa khungu, m'mphuno, m'maso ndi m'njira za mpweya. Chinthu chija chikafika, timaselo timeneti timakhuthula madzi otchedwa histamine, ndipo histamine ndi amene amayabwitsa, kutupitsa ndi kuchuchitsa mamina. Piriton amene mumagula pagolosale ntchito yake ndi kutsekereza histamine yemweyu.

Poyeza timangobweretsa ndewu imeneyi pamalo aang'ono pamene tingathe kuiona. Mwana amayala mkono patebulo chikhatho chili m'mwamba. Timalemba manambala pakhungu ndi cholembera, ndipo pa nambala iliyonse timadonthezapo kadontho kamodzi: apa ka tizilombo ta m'fumbi, apa ka mphemvu, apa ka chuku, apa ka mphaka, apa ka udzu. Kenako timabaya pakati pa kadontho ndi kachitsulo kamene nsonga yake ndi milimita imodzi yokha. Amayi ambiri akamva zobaya amaganiza za mphini, koma apa satema ndipo magazi satuluka. Mwana amangomva ngati wakandidwa ndi chikhadabo. Pamakhalanso madontho awiri oyang'anira ngati kuyezako kwayenda bwino: lina ndi madzi amchere chabe, limene siliyenera kutupitsa, lina ndi histamine weniweni, limene liyenera kutupitsa aliyense. Timadikira mphindi 15 mpaka 20. Pamene thupi lazindikira mdani pamatuluka kachotupa ngati polumidwa ndi udzudzu, ndipo timakayeza ndi rula. Kakaposa ka madzi amchere kaja ndi mamilimita 3 kapena kupitirira, timati khungu lavomera. Mabuku ambiri amakamba za kufiira kozungulira chotupacho, koma pa khungu lathu lakudali kufiirako sikuoneka bwino, ndiye woyeza wodziwa ntchito amadalira kutupako, amakupapasa ndi chala ndi kukuyang'ana kuwala kukuchokera chammbali. Pakatha ola limodzi kapena awiri zonse zimaphwa.

Njirayi ndi yakale. Dokotala wa ku Manchester, Charles Blackley, amene yekha ankavutika ndi chimfine cha nyengo ya maluwa, ankadzikanda pakhungu n'kupakapo mungu, ndipo analemba zimene anaona mu 1873. Kabayidwe kamene kakugwiritsidwa ntchito lero kanakonzedwa m'zaka za m'ma 1970 ndi Jack Pepys, amene ankagwira ntchito ku London koma anabadwira ku Johannesburg komweko kumene kuli achimwene anu.

Vuto loyamba mwaliona kale: chimene sitinadonthezepo sichingatuluke. Timabotolo ta madonthowa timachokera kunja, timasungidwa mufiriji ndipo timatha mphamvu, n'chifukwa chake simungatipeze pa helefi senta. Timabotolo tambiri tinakonzedwera anthu a ku Ulaya, moti mumapezamo mungu wa mitengo imene kuno simera n'komwe, pamene botolo la ngumbi, la kalongonda kapena la matemba mulibe. Tikakayikira chakudya cha kwathu kuno timauza wodwala abwere nacho, timabaya chakudyacho kenako n'kubaya khungu ndi kachitsulo komweko. Zimenezi zimachitikira m'chipatala mokha, osati pakhonde.

Vuto lachiwiri ndi lalikulu. Khungu kuvomera sikutanthauza kuti munthu akudwala chinthucho. Pa zakudya, pafupifupi theka la anthu amene khungu lawo latupa amadya chakudya chomwecho popanda vuto lililonse. Ndiye taganizani mwana wanu atamudontheza zinthu 30 mwachisawawa. Pangatupe pa mtedza, pa soya ndi pa tirigu, inu n'kubwerera ku Chitakale ndi pepala loletsa zinthu zimene wakhala akudya bwinobwino moyo wake wonse, kuwonjezera pa zimene agogo analetsa kale. Yankho lakuti "ayi" ndilo lodalirika kwambiri: khungu likakhala chete pamene histamine watupitsa, kawirikawiri chinthucho n'chosalakwa. Ndipo kukula kwa chotupa kumangotiuza kuti mwina ndi chimenechi, sikutiuza kuti tsiku lina chidzamudwalitsa moopsa bwanji.

Ndikawerenga kalata yanu, amene ndikumuganizira kwambiri ali pamphasa kapena pamatiresi pamene mwanayo amagona. M'fumbi la m'nyumba mumakhala tizilombo tating'onoting'ono, kamodzi sikafika n'komwe theka la milimita, moti ndi maso simungatione. Si nsikidzi, sitiluma. Timadya tinyenyeswa ta khungu timene tonsefe timayoyola tikagona, ndipo chimene chimadwalitsa anthu ndi ndowe zake, zimene zimauluka mukakutumula bulangete. Akatswiri a ku Netherlands, Voorhorst ndi Spieksma, ndi amene anatulukira mu 1964 kuti mdani wa m'fumbi ndi tizilombo timeneti. Sitimwa madzi, timayamwa chinyezi cha mumpweya, choncho kumalo ouma timavutika koma kumalo achinyezi timaswana kwambiri. Mvula ndi nkhungu zimene zimakometsa tiyi m'munsi mwa phiri la Mulanje ndi m'mapiri a Thyolo ndi zomwezo zimene zimasunga tizilomboti. Chiperoni chikabwera mu June ndi July, dzuwa limasowa masiku angapo, zofunda siziuma, mawindo amakhala otseka, ndipo mabulangete a kaunjika amene anakhala m'chikwama chaka chonse amatulutsidwa n'kufunditsidwa mwana mpaka kumutu. Amapuma fumbilo usiku wonse, m'mawa n'kudzuka akuyetsemula. Onjezani chuku cha m'makoma onyowa, makamaka m'nyumba zimene zinalowa madzi nthawi ya namondwe Freddy mu March 2023 n'kungokonzedwa pamwamba, komanso mphemvu, zimene nazonso zimayambitsa mphumu mwa ana ambiri.

Apa ndiye kuyeza pakhungu kuli ndi phindu lenileni. Tikafunsa khungu la mwana wanu mafunso asanu kapena asanu ndi limodzi ochokera m'nkhani yake, yankho lake limakhala lomveka. Koma onani kuti zochita zake simufunika kudikira pepala. Tsiku lililonse limene dzuwa lawala bwino, matiresi, mphasa, pilo ndi mabulangete zituluke panja kwa maola angapo, muzikutumule mwanayo ali kutali. Zofunda zichapidwe ndi madzi otentha, chifukwa tizilomboti timafa pa madigiri 60, pamene madzi ozizira amangochotsa ndowe zake n'kutisiya ambiri amoyo. Posesa wazani madzi kaye. Matumba a chimanga ndi zovala zakale zisakhale m'chipinda chimene amagona.

Pali zina zimene khungu silingakuuzeni ngakhale mutaliyeza kangati. Utsi wa nkhuni, mbaula yolowetsedwa m'nyumba usiku wa chisanu, koyilo wa udzudzu, fodya wa akuluakulu, ngakhale mpweya wozizira weniweniwo, zonsezi zimatseka chifuwa cha mwana wa mphumu popanda IgE. Zili ngati chitedze: aliyense amene wachikhudza amayabwidwa, palibe chofunika kuyeza. Mbaula m'chipinda chotseka ndiye imaphanso anthu ali m'tulo, chonde isamalowe.

Kulira kwa pachifuwa kuja ndi kumene ndikufuna mupite nako kuchipatala mwezi uno, kaya mudzayezetsa khungu kaya ayi. Tengani kabuku kake ka kuchipatala, akamumve m'chifuwa. Ngati wakhosomola kupitirira masabata 2, akutentha thupi madzulo, akutuluka thukuta usiku kapena sakukwera sikelo, ayambe amuyeza TB. Zikapezeka kuti ndi mphumu, pali mankhwala opopera a mitundu iwiri: salbutamol wotsegula chifuwa pamene chabanika, ndi beclometasone wopopera tsiku ndi tsiku kuti chisamabanike. Ndikudziwa kuti ambiri amaopa kuti mwana akayamba kupopera ndiye sadzasiyanso, kapena kuti ndi mankhwala a munthu amene watsala pang'ono. Si zoona, ndipo mantha amenewa agonetsa ana ambiri m'chipatala. Mwana wa msinkhu uwu amapopera bwino kudzera m'botolo la pulasitiki la 500 ml loboola kumatako. Heather Zar ndi anzake ku Cape Town anaonetsa mu 1999 kuti botolo lotere limagwira ntchito mofanana ndi chipangizo chogula.

Tsiku loyeza likadzapezeka, pali zokonzekera. Piriton asiyidwe masiku osachepera 3, cetirizine ndi loratadine (mankhwala ena otsekereza histamine) sabata yathunthu, ndipo kumbukirani kuti mankhwala ambiri a chimfine ndi a chifuwa a m'botolo ali ndi Piriton m'kati. Mukaiwala zimenezi ngakhale dontho la histamine silitupa, ulendo wonse n'kupita pachabe. Zopopera za mphumu zokha musasiye. Pamkono pasapakidwe mankhwala a khungu kapena mafuta. Mwana amene chifuwa chabanika tsiku limenelo sitimuyeza, timayamba tamuchiza. Akuluakulu amene amamwa mankhwala otchedwa propranolol, atenolol kapena amitriptyline anene poyamba, ndipo amayi oyembekezera timawadikira achire. Kawirikawiri kuyezaku sikuvulaza, komabe mwa apo ndi apo munthu amatha kutupa pakhosi n'kukomoka, choncho pamalo oyezerapo payenera kukhala jakisoni wa adrenaline ndi munthu wodziwa kubaya pantchafu. Funsani musanayale mkono wa mwana. Pamene palibe adrenaline nyamukani.

Mwina adzakuuzani kuti pali kuyeza magazi kumene sikufuna kusiya Piriton. Kulipo, ndipo kumathandiza munthu amene khungu lake lili ndi zilonda paliponse kapena limatupa likangokandidwa. Koma kwathu kuno, kumene likodzo ndi njoka za m'mimba n'zofala, magazi amatha kunamizira. IgE yopangidwa polimbana ndi likodzo imatha kugwiranso zinthu za m'zomera mu labotale. Ku Ghana anapeza ana asukulu ambiri amene magazi awo ankaonetsa kuti amadana ndi mtedza, pamene khungu lawo linali chete ndipo mtedzawo ankadya osadwala. N'chifukwa chake kwa mwana wa kuno ndimakhulupirira khungu kuposa magazi. Ndipo anthu oyenda m'misika ndi m'maholo ndi kamakina kogwiritsa m'manja, kamene akuti kamaona matenda onse pakompyuta kenako n'kukugulitsani mabotolo, musawapatse ngakhale tambala. Kamakinako sikayeza ziwengo.

Tibwere kwa inu, mayi, chifukwa manja anu ndi nkhani ina ndipo kubaya pamkono kuja sikungakuthandizeni. Choyamba akuoneni ngati si mphere. Mphere zimayabwa kwambiri usiku, zimakonda pakati pa zala ndi polumikizira dzanja, ndipo m'nyumba mumakhala winanso amene akukanda. Zikakhala zimenezo, banja lonse lilandire mankhwala tsiku limodzi. Ngati si mphere, anthu ambiri a manja ong'ambika vuto lawo si ziwengo, ndi khungu lotopa. Mumalowa m'munda mame asanaume, manja amanyowa ndi kukwechesana ndi masamba mpaka masana, kunyumba akukudikirani sopo waufa, mbale ndi phulusa. Mafuta achilengedwe a pakhungu amatha, khungu n'kung'ambika. Mankhwala ake ndi Vaseline wambiri mukangosamba m'manja komanso pogona, ndi kuchepetsa kuviika manja m'sopo waufa.

Koma alipo ena amene khungu lawo limadanadi ndi chinthu chimene amakhudza, ndipo udani umenewu ndi wochedwa, umaonekera pakapita tsiku limodzi, awiri kapena atatu. Odziwika bwino ndi mankhwala a mu labala wa magolovesi ndi majombo, chitsulo cha nickel cha m'ndolo, m'mawotchi ndi m'malamba, simenti kwa amisiri omanga, mankhwala akuda odayira tsitsi, mafuta onunkhira, ndi utomoni wa mango umene umatupitsa ena milomo mu December. Kuyeza kwake kumatchedwa patch test, ndipo anakuyambitsa Josef Jadassohn mu 1895. Sabaya. Amamata timbale ting'onoting'ono ta mankhwala kumsana ndi pulasitala, mumakhala nato maola 48 osanyowetsa msana ndiponso osagwira ntchito yotulutsa thukuta, amachotsa n'kuona, kenako mumabweranso tsiku lachitatu kapena lachinayi kuti aonenso. Kwa munthu wa ku Chitakale ndiye kuti maulendo atatu a ku Blantyre m'sabata imodzi, kapena kukagona kwa achibale, ndipo nyengo yothyola kwambiri ya December mpaka April si nthawi yake. Musanafike pamenepo dzifunseni: kodi manjawa amapola mukakhala patchuthi n'kuyambiranso mukabwerera kumunda? Kodi zidzolo zimathera ndendende pamene golovesi kapena jombo imathera? Kodi zinayamba mutasintha sopo kapena mafuta? Mayankho amenewa nthawi zambiri amaloza wolakwa. Timachubu ta betamethasone ndi mafuta oyeretsa khungu ogula pamsika amaziziritsa kuyabwa masiku ochepa, koma mukapaka miyezi amapyapyalitsa khungu ndipo amabisa zimene dokotala akanaona.

Ndalama zanuzo ndingazigawe motere. Yambani ndi thiransipoti yopita ku chipatala cha boma ku Mulanje kapena ku Mulanje Mission, nonse awiri ndi mabuku anu. Akaona kuti pakufunika katswiri adzakulemberani kalata yopita ku Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene kuli madokotala a ana ndi a khungu, ndipo iwo ndi amene angakuuzeni ngati kuyeza pakhungu kukufunika ndi kumene kungachitikire. Amene ndimawatumiza msanga osazengereza ndi munthu amene anatupa nkhope, kubanika kapena kukomoka atadya chinachake, atalumidwa ndi njuchi kapena mavu, kapena atabayidwa penicillin. Ameneyo ayenera kudziwa mdani wake ndi dzina, ngakhale kuti timadikira masabata 4 mpaka 6 chichitikireni ngoziyo tisanamuyeze. Amene anasupuka khungu ndi kuchita zilonda m'kamwa atamwa Bactrim kapena Fansidar sitimuyesa n'komwe, timangolemba ndi zilembo zazikulu pachikuto cha buku lake kuti asadzamwenso. Mwana wanu, malinga ndi kalata yanu, sali m'magulu amenewa.

Gulani kope la masamba 40. Tsiku lililonse mulembemo mizere iwiri: kunja kunacha bwanji, anagona pati ndipo anafunda chiyani, munaphikira kuti, anayetsemula kapena kukhosomola nthawi yanji, anamwa mankhwala anji. Akapita kutchuthi kwa achibale kudera louma, kapena akagona kwa agogo ake, mulembenso ngati zinachepa. Mtsikana wa zaka 8 akhoza kumalemba yekha inu mukumuuza. Tsamba lakumapeto likhale la manja anu. Pakatha masabata 6 mukuyanika zofunda, mbaula ili panja, mazira ndi nsinjiro zitabwerera m'mbale yake, mutenge kopelo popita kuchipatala, ndipo mundilemberenso kuti ndimve mmene chiperoni cha chaka chino chamuchitira.